Chithunzi Chomwe Bambo Gu Anakana

Bambo Gu Shuigen anapempha chithunzicho Lachitatu masana, maso ali kukhoma, ngati munthu wopempha moto kwa mnansi amene salankhulana naye. Mpongozi wawo Lanfen anali akutsuka supuni ya mwana ndi madzi otentha, kachitatu tsopano. Bambowo anamuuza kuti Loweruka m'mawa kubwera lole yodzatenga bwato lawo. A ku ofesi yoyang'anira ngalande anali atalamula kuti okalamba onse asiye kupalasa alendo, ndipo mabwato awo akale amatabwa atuluke m'madzi kuti abwere atsopano. Iwo ankafuna chithunzi chimodzi chokha, ali chiimire kumbuyo kwa bwato, nkhafi ili m'manja.

"Chachikulu ndithu, amake Doudou. Choti tsiku langa likadzakwana mudzachiimike patebulo, kuseri kwa lubani. Chija cha pachiphaso ayi. Pamenepaja ndikuoneka ngati ndagwidwa ndi bakha wa eni ake m'khwapa."

Lanfen anavomera msangamsanga, mpaka supuni inagwera pansi ndipo anaitsukanso.

M'zaka ziwiri zomwe anakhala m'nyumbamo, aka kanali koyamba apongozi akewo kumupempha kanthu. Mwamuna wake Weimin ankagwira ntchito pafakitale ku Kunshan ndipo ankabwera Lamlungu lokha. Apongozi aakazi anamwalira iye asanakwatiwe. Choncho m'nyumbamo munkakhala anthu atatu: nkhalambayo, Lanfen, ndi mwana wake Doudou wa miyezi isanu ndi inayi, amene anali atangoyamba kukwawa ndipo ankakwawira kulikonse kumene waletsedwa. Lanfen kwawo kunali kumapiri, kumene madzi amakhala m'chitsime chovundikira. Kuno chitseko chakuseri ukachitsegula, masitepe asanu ndi awiri okha ndiye wafika m'ngalande. Mwana atabadwa, iye anakhomerapo mipiringidzo iwiri. Poyenda m'mbali mwa madzi ankadutsa chakukhoma mpaka phewa lake kuyera ndi laimu. Kamodzi agogo ake a mwanayo anamunyamula kuti akamuonetse bwato, Lanfen anawathamangira n'kumulanda pasitepe yachiwiri, osanena ngakhale pepani. Nkhalambayo sinadandaule. Inangosiya kumunyamula mwanayo pokhapokha itakhala pampando. Lanfen ankaziona zimenezi tsiku lililonse, ndipo zinkamudya mumtima, koma mipiringidzo sanachotse.

Kujambula kokha ndiye ankakudziwa. Asanakhale ndi pakati ankagwira ntchito kwa bambo Pu, mwini shopu ya zithunzi ya pafupi ndi mlatho waukulu, kujambula alendo obwereka zovala zamakedzana. Bambo Pu ndi amene anamuphunzitsa kuti m'tauni muno chithunzi chenicheni chili m'madzi. Ankati aliyense akhoza kujambula bwato, koma wodziwa ntchito amadikira madzi agone, kuti bwato limodzi likhale awiri.

Lachinayi kusanache bwino Lanfen anabereka mwana, n'kukolekera kamera m'khosi, ulendo wa pamlatho. Kunali zii. Alendo anali asanadzuke, ndipo mabwato khumi ndi awiri anali ndandanda m'mbali mwa khoma, madenga awo a nsalu yabuluu atanyowa ndi mame. Bambo Gu anali atavala jekete lawo lakuda la pa Chaka Chatsopano. Anamasula chingwe, n'kupalasa pang'onopang'ono mpaka pakati pa ngalande. Lanfen anakweza dzanja kuti aime. Anadikira. Timafunde ta nkhafi tinapita kukagunda khoma, tinabwerera tofooka, kenako tinatha. Makoma oyera anatsikira m'madzi limodzi ndi madenga awo akuda, nyali zofiira za pakhonde la nyumba ya tiyi zinalendewera pansi ndi pamwamba, ndipo pakati pa zonsezo panali mabwato awiri ogundana mimba, ndi nkhalamba ziwiri zopondana mapazi. Lanfen anakweza kamera. Anaima sitepe imodzi kutali ndi mpanda wa mlatho chifukwa cha mwana kumsana, komabe anadziwa, chala chisanachoke pabatani, kuti chithunzi chonga ichi anali asanajambulepo.

Bambo Pu atachiona anavula magalasi n'kuwavalanso. Anati chimenechi n'chofunika kupita kumpikisano ku Suzhou, osati kukathera kuseri kwa utsi wa lubani. Anachitsuka tsiku lomwelo, chachikulu ngati thireyi, n'kuchiika m'felemu yakuda. Lanfen anachinyamula atachikulunga m'nyuzipepala, ngati mwana wobwera ndi zotsatira za mayeso.

Anapeza apongozi ake akudya chamasana, mpunga ndi nsomba yophika ndi jinja. Malamulo a patebulo la anthu a m'mabwato Lanfen ankawasunga kuposa eni ake. Nsomba ukadya mbali imodzi suitembenuza, umangonyamula msana wa minga n'kudya za pansi. Mbale suivundikira ngakhale poyanika. Nsapato ikagwa chagada umaiwongola nthawi yomweyo. Zonsezi Weimin anamuuza asanakwatirane, ndipo iye anazilemba kuchikuto cha kope kuti asadzachite manyazi. Sanalakwitsepo ndi kamodzi komwe.

Anachotsa nyuzipepala n'kuimika chithunzicho pampando.

Timitengo todyera tinaima m'malere. Bambo Gu anayang'ana nthawi yaitali. Anaika timitengoto pambali pa mbale, anadzuka, anatsegula mipiringidzo yonse iwiri, n'kukakhala pasitepe kunja, chitseko atachikoka bwinobwino kumbuyo kwawo.

Lanfen anali chiimire pomwepo pamene mayi Tao analowa ndi mbale ya mpiru wa mchere. Mayi Tao ankakhala khomo lachitatu, ndipo anali atapalasa bwato m'ngalande yomweyo zaka makumi atatu, akuimbira alendo nyimbo ndi mawu oti ankamveka milatho iwiri. Anayang'ana chithunzicho, anagwira pakamwa, kenako anakhala pansi.

"Mwana iwe, wawamiza apongozi ako."

Lanfen sanamvetse. Mayi Tao anaika chala chawo chokhakhala pagalasi, m'munsi mwa chithunzicho, osachikhudzitsa kwenikweni. Bwato lavundikirika, anatero, munthu mutu uli pansi m'madzi, miyendo m'mwamba. Alendo a mumzinda zimenezi amazitcha zokongola chifukwa sanaonepo bwato lenileni litatero. Koma Shuigen analiona. Ali mnyamata, mkulu wake anapita kunyanja ya Tai ndi katundu wa njerwa, mphepo n'kumupeza, ndipo amene anakapeza bwatolo m'bandakucha, mimba ili kumwamba, anali Shuigen yemweyu. Ndiye munthu angaimike chinthu chotere pamaliro ake, abale onse a m'mabwato n'kumagwada patsogolo pake?

"Komanso nkhope yake taona, yangokhala ngati nyemba. Obwera kudzalira adzafunika kubwera ndi magalasi."

Lanfen anayang'ananso chithunzicho. Mbale anasamala, nsapato anasamala, nsomba anasamala zaka ziwiri zathunthu, n'kukatembenuza bwato lonse ndi mwini wake yemwe, n'kuliika m'felemu.

Anatuluka, mwana ali m'manja, n'kuima pakhomo osaponda sitepe. Anapepesa. Anati akhoza kuwauza bambo Pu kuti adule theka la m'munsilo, patsale bwato la pamwamba lokha. Nkhalambayo inapukusa mutu osacheuka. Inati bwato lopanda madzi pansi pake ndiye kuti lili kale pa lole, ndipo zimenezo adzazionera okha Loweruka, sizikufunika felemu. Kenako inalankhula mofatsa, ndipo kufatsako ndiye kunapweteka kwambiri.

"Musavutike nazo, amake Doudou. Muli ndi mwana woti muziyang'anira. Cha pachiphaso chija chikwana."

M'nyumba, mayi Tao anali akuzungulira ndi chithunzicho m'manja, kusowa pochiika. Kuchipachika sakanatha, kuchigoneka chafufumimba ndiye kuonjeza tsoka. Anachiimika kuseri kwa kabati, chitayang'ana kukhoma.

Lachisanu linali tsiku lomaliza la ntchito la bambo Gu, ndipo Lanfen analithera pamlatho akuyesa kujambula china chopanda bwato lozondoka. Masana madzi ankavunduka ndithu, mabwato akupita ndi kubwera, koma bwato la apongozi ake linali lodzaza nthawi zonse ndi alendo ovala majekete oyandamitsa a mtundu wa lalanje, aliyense foni m'mwamba. Anajambula zithunzi makumi anayi. M'chimodzi mayi wina wa chipewa chachikulu anaphimba nkhalambayo yonse, kungotsala nkhafi. M'china munthu anali akudya chimanga. Doudou anatopa ndi dzuwa, analira, ndipo Lanfen anabwerera kunyumba akumugwira pachipumi njira yonse kuti aone ngati watentha thupi. Madzulo anayang'ana za nyengo pafoni kasanu. Mphepo yoti idzavundule madzi m'mawa panalibe. Anaimbira Weimin, amene anati bambo ndi choncho, aiwala, asadzivutitse. Lanfen anadula foni akudziwa kuti Weimin bambo ake sawadziwa bwino ngati mmene iye, wongobwera, anali atawadziwira powayang'anitsitsa kuseri kwa mbale.

Loweruka anadzuka asanadzuke apongozi ake, n'kusita jekete lakuda lija, n'kuliika pampando wawo. Nkhalambayo inaliyang'ana, inamuyang'ana iye. Inalivala.

Madzi anali atagona kuposa Lachinayi. Lanfen, amene moyo wake wonse wa ntchito ankapempherera m'mawa wotere, anaima m'mbali mwa ngalande akuutukwana chamumtima. Lole inali yoti ifike seveni koloko. Anatola mwala n'kuponya pafupi ndi bwato. Madzi anachita mizeremizere, bwato la pansi linagwedezeka, linathyokathyoka, ndipo asanakweze n'komwe kamera linali litabwereranso lonse, mimba m'mwamba. Anaponya wachiwiri. Bambo Gu anati akapitiriza choncho, a lole adzapeza ngalande itakwiririka ndipo adzangoyendetsa galimoto mpaka pabwato.

Amayi opalasa anali atayamba kufika, aliyense m'bwato lake, kupukuta mipando ndi kukapa madzi a mame. Mayi Tao anaimirira n'kufunsa chimene mwana wa kumapiriyu akugendera nsomba. Atamva, anaseka mpaka kutsamira denga la bwato.

"Zaka zonsezi ojambula akhala akutikalipira kuti tisagwedezeke, tisapume, tikuononga madzi. Lero wabwera wofuna tigwedezeke? Amayi inu, imirirani. Shuigen akufuna mafunde."

Wina anayankha kuti Shuigen mafunde anayamba kuwafuna ali mnyamata ndipo palibe anamupatsa. Kuseka kunayenda bwato ndi bwato. Amayiwo anaimirira, anatang'adza miyendo, phazi mbali iyi phazi mbali inayo, n'kuyamba kupondereza uku ndi uku. Mabwato khumi ndi limodzi anayamba kuyendera limodzi ngati akuvina, zingwe zikulira, madzi akumenya khoma kuti phwa, phwa. Makoma oyera a m'madzi anasweka. Nyali zofiira zinasanduka timizere. Pansi pa bwato la bambo Gu panatsala madzi okhaokha obiriwira, onyezimira, opanda chinthu chozondoka.

Koma pamene Lanfen anaima panali patali ndi pamwamba. Poyang'ana m'kamera ankaona chipewa ndi nsonga ya mphuno. Kuti nkhope ioneke anayenera kutsikira pasitepe yomaliza ya pochapira, n'kunjuta, madzi ali m'mapazi. Sitepe imeneyo inali yobiriwira ndi ndere, ndipo tsopano mafunde ankaikwera ndi kutsika. Anatsika ziwiri. Doudou anadzikoka kumsana kufuna kuona amayi ovinawo, kulemera kwake konse kunapita mbali imodzi, ndipo Lanfen anaima pomwepo. Ndi mwana kumsana sakanatsika. Anayang'ana kumtunda kufuna womugwirira. Msewu unali mbee. Munthu aliyense amene ankamudziwa pamalopo anali m'bwato.

Mayi Tao anasiya kugwedeza. Anakokera bwato lawo kufupi ndi masitepe, anatsegula bokosi la pansi pa mpando, n'kutulutsa nsalu yaitali yofiira, yofwifwa ndi kuchapa. Anati ana awo atatu onse anakulira kunsonga kwa nsalu imeneyi, mbali ina m'chiuno mwa mwana, mbali ina m'chiuno mwa mayi, ndipo m'banja lawo lonse amene anagwerapo m'madzi ndi bambo a anawo, kawiri, pochokera kuukwati. Kenako anatambasula manja.

Lanfen anayang'ana manjawo. Anayang'ana mpata wa pakati pa sitepe ndi bwato, mpata wosakwana chikhatho, wakuda. Kutali, kuseri kwa nyumba, kunamveka galimoto yaikulu ikusintha giya pamlatho wa kumsika. Anayang'ana apongozi ake. Iwo sanali kumuyang'ana. Anali akukonza kolala ya jekete, maso ali kumbali, ngati tsiku lija la pempho, kumupatsa mpata woti akane popanda manyazi.

Anamasula mwana. Mayi Tao anamutenga Doudou ngati akuthyola chipatso. Anamumanga nsalu ija m'chiuno, n'kudzimanganso okha. Lanfen anapempha kuona mfundoyo. Anaikoka. Anapempha kuti amangenso ina pamwamba pake, ndipo mayi Tao anamanga, akuuza anzawo kuti mwanayu akadzakula adzachita kumudula ndi sizasi. Lanfen anavula nsapato, n'kutsika ndi mapazi, zala zikukanirira pandere, mpaka madzi ozizira anamugwira m'akakolo. Ananjuta.

Amayi aja anayambiranso. Lanfen anadina batani kakhumi, koma diso lake silinali m'kamera. Linali kumanzere, pa kamutu kometedwa kamene kankapita uku ndi uku pachifuwa cha mayi Tao. Doudou anali atatsegula pakamwa, mano ake awiri ali poyera, akumenya m'manja. Atayang'ana zimene wajambula anapeza phewa la apongozi ake, theka la nkhafi, ndi denga la nyumba ya tiyi.

"Amake Doudou," anaitana bambo Gu. Mawu awo sanali okweza, koma anadutsa phokoso lonse la madzi. "Yang'anani kuno. Mwanayo anthu khumi ndi awiri tikumuyang'ana, ndi ine ndemwe. Ine ndilibe wondiyang'ana koma inu."

Lanfen anapukuta nkhope ndi mkono. Anaika diso pakamera, ndipo ulendo uno anatseka linalo. Nkhalambayo inakankha nkhafi, thupi lonse linapita kutsogolo n'kubwerera monga linkachitira zaka makumi asanu, jekete la Chaka Chatsopano likukoka m'mapewa. Mayi wina anaifuulira kuti imwetulire, ikufuna kuopseza ndani pamaliro pake. Iyo inayesa kuumitsa nkhope, inalephera. Lanfen anadina.

Lole inaima pamwamba pa masitepe, anyamata awiri n'kutsika ndi malamba. Mayi Tao anawauza kuti adikire, akapume kaye, madzi sathawa. Bambo Gu anabweretsa bwato pafupi, ndipo Lanfen, asanatenge n'komwe mwana, anawapatsira kamera ndi manja awiri. Iwo anaitalikitsa kumaso, anaibweza pafupi, anaphimba kagalasi koonerapo zithunzi ndi chikhatho kuti kuwala kusasokoneze. Poyamba anayang'ana m'munsi. Anayang'ana nthawi yaitali, kufufuza m'madzi monse, ngodya ndi ngodya. Kenako anakweza maso n'kudziyang'ana okha.

Anati makutu akula ngati a bambo awo. Anati dzanja lagwira nkhafi bwino, pamenepo palibe anganene kanthu. Amayi a m'mabwato oyandikira anasuzumira, wina nati akuoneka ngati mkwati, wina nati ngati mkwati wachitatu wa mkazi wamasiye. Nkhalambayo inabweza kamera.

"Ichi mukatsukitse. Muwauze a Pu asachikongoletse, makwinya asiye momwemo." Inapukuta nkhafi ndi mkono wa jekete lomwe Lanfen anasita. "Chinacho musataye. M'nyumba mwanga ayi, koma kumpikisano kwawoko chipite. Maso ndili nawo, ndinaona kuti ndi ntchito."

Lanfen anagwedeza mutu movomera. Anatembenukira kwa mayi Tao kuti atenge mwana wake. Mfundo yachiwiri ija inali itakanirira, ndipo zinatengera amayi atatu ndi mano a mmodzi wa iwo kuti imasuke, anyamata a lole akudikira pamwamba, fodya ali pakamwa.